MABWINJA A KWA MALAMA NDI MABUKU A ZA LUANGWA

Mudzi ukatha, malo amene unalipo timawacha bwinja. Munthu wokulira kumudzi salephera kulizindikira bwinja ngakhale patapita zaka zambiri. Amaona timilu ta dothi pamene panagwa zipupa, mapale a mbiya pa dzala lakale, mwina mphero yosweka pakati. Ndipo akakweza maso amaona kuti mitengo ya pamenepo nja msinkhu umodzi, cifukwa inamera pamodzi anthu atacoka. Mlendo angathe kupita pomwepo ndi galimoto, nakanena kwao kuti waona chire lokoma limene dzanja la munthu silinalikhudzepo ciyambire. Onse awiri aona malo amodzi, koma amene amalemba buku kawirikawiri ndi mlendo uja.

M'nkhani ino tifuna kuyesa mabuku ena amene analembedwa za cigwa ca Luangwa, ndipo muyeso wathu ndi umodzi wokha: kodi mwana wa kwa Malama atawerenga bukulo angadziwe ciani za bwinja la makolo ace limene lili m'malire a nkhalango ya nyama?

Malama ndi mmodzi wa mafumu 6 a Akunda m'boma la Mambwe. Ena ndi Nsefu, amene ali wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya ndi Msoro. Dziko la Malama lili ca kumwera, m'mbali mwa Luangwa, m'nkhalango za tsanya, ndipo anthu ace ngocepa poyerekeza ndi a kwa Jumbe kapena a kwa Nsefu. Lacita malire ndi South Luangwa National Park, imene ukulu wace ndi masikweya kilomita 9,050. Malire amenewa sanabadwe tsiku limodzi. M'caka ca 1938 Boma la Northern Rhodesia linapatula dziko la kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje kuti likhale la nyama. Pambuyo pace zigawo zina za tsidya lino zinapatulidwanso, kwa Nsefu kumpoto ndi ku Chilongozi kumwera, kufupi ndi mtsinje wa Lusangazi. Ndipo m'caka ca 1972 zonsezi anaziphatikiza nazicha paki. Midzi imene inapezeka m'kati mwa mizere ya pa mapu inasamutsidwa, ina msanga, ina patapita zaka. Eni ace anatenga mbeu, nkhuku ndi mitondo, koma manda anatsala.

Tiyambe ndi buku lakale la E. H. Lane Poole, amene anali bwana wa Boma ku Petauke, lonena za mitundu ya anthu a kum'mawa kwa Luangwa, limene linatuluka m'caka ca 1934. Munthu ameneyu tiyenera kumthokoza, pakuti anakhala pansi ndi akuluakulu amene anaona nkhondo za Angoni ndi maso ao, nalemba zimene ananena. Iwo onse anapita, ndipo pakadapanda iye zambiri zikadapita nao. Mwambo wa Akunda umati makolo ao anacokera kumadzulo, ku dziko la Aluba, motsogozedwa ndi Mambwe, amene boma la lero linatenga dzina lace. Nkhani zotere za maulendo a mitundu ndi za kulowana ufumu ndizo zimene Lane Poole anazifunafuna. Komatu bwana wa Boma amafunsa zimene Boma lifuna kudziwa. Masiku amenewo Azungu analikukonza zolamulira anthu kupyolera mwa mafumu, ndipo cinali cofunika kwa iwo kudziwa mfumu yaikulu ndani, yaing'ono ndani, woyenera kulowa ndani. Cotero mbiri ya mtundu inasanduka mndandanda wa mafumu. Mudzi wamba, wa nyumba khumi ndi nkhokwe zace, sunali ndi khomo lolowera m'buku lotere. Bvuto lomweli tilipezanso m'mabuku athu a Cinyanja. Samuel Ntara polemba Mbiri ya Acewa anayenda nafunsa nkhalamba, ndipo ife tonse tinaphunzira kwa iye kuti mbiri ingalembedwe m'cinenero cathu. Koma nayenso maso ace anali pa Kalonga, Undi ndi Mwase koposa pa nyakwawa.

Mabuku amene anachukitsa Luangwa kunja ndi a Norman Carr, ndipo pa iye tikhalitsapo pang'ono, cifukwa ngosabvuta kumuweruza molakwa. Carr anabadwira ku Chinde m'caka ca 1912, namwalira m'caka ca 1997. Anayamba ngati mlenje wa njobvu, nagwira nchito ya Boma yopha njobvu zoononga minda. Cotero anadziwa bwino lomwe kulira kwa mai amene mapira ace adyedwa usiku umodzi. M'caka ca 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule dziko lina pamene alendo angadzaone nyama, ndi kuti ndalama zolipira alendowo zizipita ku thumba la ufumu wa Akunda. Pa nthawi imeneyo Azungu anzace ambiri sanaganize n'komwe kuti munthu wakuda angapindule ndi nyama ya m'dziko lace. Atakalamba anathandiza ana ambiri a m'cigwa kulipira sukulu. Anthu anamucha Kakuli, ndiye kuti njati yamphongo yokalamba, ndipo dzina lotere sapatsa munthu amene amuda.

Tsono tsegulani Valley of the Elephants, limene linatuluka m'caka ca 1979. Mudzapezamo munthu wodziwa kuona. Adziwa mwezi umene mtengo uliwonse ucita maluwa, adziwa cimene mvuu zicita madzi akaphwa, adziwa kusiyanitsa phazi la mkango wanjala ndi la wokhuta. Wophunzira aliyense wofuna kulemba za cilengedwe angapindule poona umo mlembiyu adekhera pa cinthu cimodzi mpaka acimvetse. Koma dzina la bukulo lanena kale mwini cigwa. Anthu alimo ndithu, koma alowa ngati othandiza pa ulendo, onyamula mfuti, olondola mapazi, kapena opha nyama mobisa. Buku lace lina, Return to the Wild, la 1962, likamba za ana a mkango awiri amene iye anawalera nawabwezera kuchire, ndipo mikango iwiriyo ili ndi maina, makhalidwe ndi mbiri yace yoyambira ku ubwana. Sitinena kuti kulemba za mikango nkolakwa. Tingoti ngati mkango upatsidwa dzina ndi mbiri, mudzi umene unacoka kuti mkangowo upeze malo uyenera kupatsidwanso zomwezo. Ndipo owerenga a ku London amene anakonda mabukuwa anatseka tsamba lomariza ali ndi cithunzi ca dziko limene Mulungu analenga dzulo, lopanda dzala ngakhale limodzi.

Cithunzi cimeneci ndico cimene timapepala toitanira alendo tibwereza kufikira lero, ndipo si coona. Lacerda anaoloka Luangwa m'caka ca 1798 popita kwa Kazembe. Monteiro ndi Gamitto anadzera njira yomweyo m'caka ca 1831. Livingstone anaoloka mu December 1866. Onsewa anadzera kumpoto kwa dziko la Malama, koma zolemba zao zionetsa cigwa ca anthu, ca mafumu olipiritsa njira, ca malonda a minyanga ndi ca midzi ya malinga. Pali cinthu cina coseketsa pang'ono apa. Apwitikizi anamanga kamsasa kao pa malo ochedwa Marambo ca m'ma 1827, ndipo patangopita zaka zocepa anakasiya. Kabwinja kameneka ka alendo, kamene sikanakhale ngakhale nthawi yoti mwana abadwe ndi kukula, kali m'mabuku ambiri a mbiri, cifukwa eni ace anali ndi inki. Midzi imene inakhala mibadwo itatu m'mbali mwa mtsinje womwewo ilibe mzere.

Wina angati, "Nanga si pali buku la W. L. Astle?" Lilipodi, la 1999, lolongosola mbiri ya kasungidwe ka nyama m'cigwa ca pakati ca Luangwa. Astle anagwira nchito ya za nyama ndi zomera m'cigwamo zaka zambiri, ndipo anafufuza makalata a Boma mosamala. Wofuna kudziwa kuti lamulo lakuti linakhazikitsidwa liti, malire anasuntha bwanji, akuluakulu a Boma anakangana ciani, ayambire pamenepo, ndipo mlembi wa kwathu amene adzalinyozera adzasokera pa zaka. Koma makalata a Boma ali ndi cizolowezi cao. Kalata imanena za tsiku limene cigamulo cinalembedwa. Sinena za mwezi umene anthu anagwetsa nkhokwe, kapena kuti ku malo atsopano anapeza madzi otani, kapena kuti caka coyamba anadya ciani. Mau akuti "anthu anabvomera kusamuka" akapezeka m'kalata ya bwana, wowerenga wocenjera afunse kuti anabvomera ndani, pamaso pa yani, ndipo womasulira anali yani. Mbiri yocokera m'makalata njoona pa zimene inena, koma imaima pa khomo la ofesi.

Amene anayandikira funso lathu ndi Leroy Vail, m'nkhani yace ya 1977 yonena za dziko ndi mbiri ya kum'mawa kwa Zambia. Iye anatembenuza nkhani yonse. Ambiri analikuganiza kuti chire, nyama ndi kashembe zinalipo ciyambire, ndipo anthu anangolephera kuzigonjetsa. Vail anaonetsa kuti malamulo a Azungu ndiwo anathandiza chire kukula: analanda mfuti, analetsa kusaka, anasonkhanitsa timidzi tating'ono m'midzi ikuluikulu kuti msonkho usabvute kutolera, ndipo amuna anapita ku migodi ndi ku minda ya fodya kukafuna ndalama za msonkhowo. Minda itacepa chire linabwerera, nyama zinaculuka, kashembe anatsata nyama, ndipo matenda a kaodzera anatsata kashembe. Za kaodzera cigwa ca Luangwa cili ndi mbiri yaceyace, pakuti kacirombo ka mtundu woopsa wa nthendayi kanadziwika m'caka ca 1910 m'magazi a munthu amene anaitenga m'cigwa cimeneci, ndipo m'zaka za 1911 ndi 1912 madokotala Kinghorn ndi Yorke, ali ku Nawalia, anatsimikiza kuti kashembe wa m'chire ndiye amaifalitsa. Ganizo la Vail ndi mfungulo yabwino kwa ife: litiphunzitsa kuti nkhalango ina imene alendo aiyamikira lero ndi munda wa dzana. Cosowa cace ncakuti mtima wa nkhani yace uli kumtunda, kwa Angoni ndi Acewa amene analandidwa dziko ndi kampani ya North Charterland. Cigwa cimaoneka ngati kumene kashembe acokera, osati kumene anthu akhala. Ndiponso pofuna kutsutsa Boma la atsamunda, nkhani zotere zimaika anthu athu ngati udzu umene mphepo ingoupinda. Sizitiuza mokwanira za nyakwawa imene inakana, kapena ya mudzi umene unanyenga kalembera nukhalabe pa dimba lace.

Buku limene ndiliyesa citsanzo cabwino silinena za Akunda konse. Ndi la Stuart Marks, Large Mammals and a Brave People, la 1976, lonena za Abisa a kwa Nabwalya, amene anatsala m'kampata ka Munyamadzi pakati pa nkhalango ziwiri za nyama. Marks anakhala m'mudzi, nayenda ndi alenje, nafunsa za mizimu ya mfuti ndi za kagawidwe ka nyama pa mbumba, ndipo anabwererako kawirikawiri kwa zaka zambiri. M'buku lace nyama ndi anthu ali m'dziko limodzi, monga momwe zilili. Mlenje ali ndi malume ace, ali ndi mangawa, ali ndi mantha. Cingerezi cace ncolemera kwa womaliza sukulu, ndipo matebulo a ziwerengero amatopetsa; koma njira yace, yakukhala pansi ndi kufunsa munthu mmodzi kambirimbiri, njimene bwinja lifuna.

Dzina la Malama lenilenilo limamveka kwambiri m'malipoti a zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo njobvu zinaphedwa zosawerengeka, ndipo cipembere cinatheratu m'cigwa, kotero kuti m'caka ca 1998 Boma linalengeza kuti m'Zambia monse mulibenso. M'caka ca 1983 kunacitika msonkhano ku Nyamaluma wokambirana za dera la Lupande, ndipo m'dziko la Malama ndimo munayesedwa poyamba njira yolemba anyamata a m'midzi kuti akhale alonda a nyama ndi kubwezera anthu gawo la ndalama za alenje olipira. Dale Lewis, Gilson Kaweche ndi Ackim Mwenya analemba za kuyesaku, ndipo njirayo inafalikira m'dziko lonse ndi dzina lakuti ADMADE. Ena monga Clark Gibson anadzatsutsa pambuyo pace kuti phindu linakhalira mafumu ndi olembedwa nchito koposa anthu wamba. Mkangano umenewo tiusiye. Cimene tiona ife ncakuti m'zolembedwa zoterezi anthu a kwa Malama amaoneka ngati bvuto lofuna mankhwala: cifukwa ninji akwiyira alonda a nyama, ndipo tingawatonthoze ndi ndalama zingati? Mkwiyo uli ndi makolo ace. Munthu amene agogo ace agona kutsidya kwa mzere, kumene iye sangapite popanda cilolezo, samva mau akuti "nyama nzanu" monga momwe wolemba lipoti aganizira. Zipembere zinawerengedwa, kutha kwace kunalengezedwa, ndipo m'caka ca 2003 zina zinabwera pa ndege kukayambanso ku North Luangwa. Midzi yotha siinaciticidwe mwambo wotere.

Tsopano mau kwa inu amene mwatsiriza sukulu, amene mwina mwayamba kale kunola pensulo. Pali msampha umene ukudikirani, ndipo ngwoipa cimodzimodzi ndi wa alendo. Ndiwo wakuyesa bwinja lililonse mlandu wa Boma. Makolo athu analikusamuka Mzungu asanabwere. Luangwa ndi mtsinje wosakhazikika: caka cino udya gombe ili, caka ca mawa usiya thamanda kumene unali kuyenda, ndipo mudzi umatsata madimba. Nyakwawa ikamwalira anthu analikusiya malowo. Mkango ukalowerera kugwira anthu, kapena abale akanenezana ufiti, mudzi unali kugawika. Angoni a Mpezeni kumtunda ndi Acikunda ocokera ku Zambezi anathawitsa anthu ambiri nkhondo ya 1898 isanathetse mphamvu ya Angoni. Mabwinja amenewa ngosiyana ndi aja a mzere wa pa mapu, ndipo kusiyana kwace cinenero cathu cikudziwa: pali kusamuka, pali kusamutsidwa. Wosamuka amasiya bwinja lotseguka. Angabwerere kukathyola bwemba, kukathira nsembe ya ufa pa manda, ndipo nthaka ikapuma adzukulu ace angamangenso pomwepo popanda wofunsa. Wosamutsidwa amasiya bwinja lotsekedwa, ndipo akabwererako dzina lace lisanduka lina pamaso pa lamulo. Mlembi amene asokoneza ziwirizi adzalemba kabuku kodandaula kamene munthu wodziwa adzakagwetsa ndi funso limodzi, ndipo pogwa kadzagwetsa ndi zoona zomwe.

Mbiri ya bwinja limodzi, yolembedwa bwino, iposa mbiri ya cigwa conse yolembedwa mothamanga. Iyenera kuchula dzina la mudzi ndi la mtsinje umene anthu analikumwa, mbumba imene inali mwini mudzi, mbeu zimene analima, njira imene inapita kwa mfumu, caka cimene anacoka ndi kumene banja lililonse linalowera. Popeza Akunda amatsata kucikazi, amene asunga mndandanda wa mbumba kawirikawiri ndi agogo aakazi. Koma ofufuza akale, pokhala amuna oyenda ndi amesenjala, analikuitana madoda pa bwalo, amai ali kuseri akusinja. Pitani kuseriko. Ndipo musafunse kuti, "Agogo, munacoka caka canji?" cifukwa adzakuuzani caka cokukondweretsani. Funsani kuti pocoka anabereka mwana uti kumbuyo, kapena ngati kunali kusanafike nkhondo ya Hitler, kapena dzombe litapita. Caka mudzaciwerenga nokha. Mau ao muwalembe monga awanena m'cinenero ca Akunda, cimene cisiyana ndi Cinyanja ca m'sukulu, ndipo kumasulira kubwere pansi pace. Pakuti dzina la malo likakonzedwa kuti limveke bwino m'Cinyanja, kawirikawiri tanthauzo lace limafa.

Makalata a Boma nawo musawataye. Kale mudzi sunali kulembedwa m'buku ngati unalibe amuna 10 okhoma msonkho, ndipo cifukwa ca ici mabuku a msonkho ndi malipoti a maulendo a mabwana, amene asungidwa ku National Archives ku Lusaka, ali ndi maina a nyakwawa ndi ciwerengero ca anthu ao caka ndi caka. Dzina likaleka kuoneka, pamenepo ndi pofunsa. Koma cenjerani ndi mtsinje. Luangwa anali malire a maboma: tsidya lino linalembedwa ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kapena ku Petauke, pamene tsidya lija linalembedwa ku Mpika kapena ku Serenje. Anthu a mbumba imodzi, oolokerana ndi bwato tsiku ndi tsiku kukapempha moto ndi mcere, anali m'mabuku awiri a mabwana awiri osaonana. Mudzi ukaoloka, buku lina limati watha, lina limati wabadwa watsopano, ndipo kalaliki wa Cibemba ku Mpika analemba dzina lace mosiyana ndi kalaliki wa Cinyanja ku Fort Jameson. Wofufuza bwinja la m'malire a kwa Malama ayenera kutsegula mabuku a mbali zonse ziwiri, nawerenge mainawo mokweza pamaso pa nkhalamba, kuti khutu ligwire cimene diso laphonya.